Golosale Yogulitsa Matheka

"Mayi, mwataya chiyani m'menemo?"

A Kapitawo, amene ankayang'anira nyumba yosanja ija, anaima ndi tsache m'manja, kukamwa kuli yasa. Mayi wa golosale yapansi anali ataweramira m'bini limene linali litatulutsidwa kuseri kwa nyumbayo, manja atakutira ndi mapepala apulasitiki, akutembenuza zinyalala.

"Sindinataye kanthu, bambo. Ndikufunsa makasitomala anga zimene amadya."

"Mukufunsa bini?"

"Nanga eni ake amangoti 'mwadzuka bwanji' n'kudutsa. Bini ndiye sabisa mawu."

Nyumbayo inali pakatikati pa tauni: pansi masitolo, pakati maofesi, pamwamba mogona anthu. Omanga ankati am'mwamba azidzagula pansi pomwepo. Bodza! Loweruka lililonse ankakwera magalimoto kupita kusitolo yaikulu yakunja kwa tauni, n'kubwerako atasenza zikwama zodzadza. Magolosale awiri anali atagwa kale pakhomo lomwelo. Mayiyu anali wachitatu, ndipo mwini nyumba anali atamuuza mosapsatira kuti mwezi ukatha mashelefu akadali fumbi, malowo apita kwa anthu a juga.

"Taonani kabichi uyu," anatero mayiyo. "Anadyako masamba angati? Buledi uyu wachita nguwi asanafike pakati. Anthuwa amakhala mmodzimmodzi kapena awiriawiri, furiji yawo ndi kakabokosi. Ine ndiye ndikuwaikira matumba a mpunga ngati ali ndi ana khumi. Ndani angakwere nalo thumba masitepe onsewa? Wolakwa ndine."

A Kapitawo anaseka mpaka kutsokomola, koma mawuwo anawalowa. Kwa sabata yathunthu ankamutsegulira chipinda cha mabini m'mawa uliwonse, chikhalirecho lamulo linkati wolowamo ndi iwo okha.

Kenako mayiyo anabweza matumba aja n'kugula mpeni wakuthwa. Kabichi theka, buledi theka, mazira awiri, anyezi mmodzi, kanyama kokwana munthu mmodzi basi. Anthu poweruka kuntchito anayamba kupatukira mugolosalemo. A Kapitawo akamasesa pakhomo ankangopukusa mutu ndi kusirira. Galu wamkota sakandira pachabe, amayi aja anali ndi mutu!

Koma pansanjika yachinayi panali mayi wina amene ankangokhalira kusuzumira panja, moti onse ankamutchula kuti Mayi Zenera. Iyeyu anali ataona zonse za m'mabini zija. Anangonong'oneza mnzake mmodzi pamasitepe kuti matheka aja ndi otola, amawatsuka n'kudula powola. Pasanathe masiku awiri golosale inali zii, ngakhale wogula machesi analibe.

Mwini nyumba anaitanitsa anthu onse pansi pa masitepe Loweruka masana.

"Mayi, n'zoona kuti munkafufuza m'mabini?"

"N'zoona, bwana. Koma sindinatengemo ngakhale tsamba limodzi."

"Anakutsegulirani ndani?"

A Kapitawo anaganizira za ntchito yawo. Ntchito imeneyi ndiyo inkaphunzitsa ana awo atatu. Anayang'ana pansi, kudikira kuti atchulidwe.

"Mlandu ndi wanga, bwana. Musausenzetse wina," anayankha mayiyo, osatembenuka n'komwe.

"Mwamva?" anatero Mayi Zenera. "Wavomera yekha!"

Manyazi anawagwira a Kapitawo kuposa mantha. Munthu sitolo yake ikumira, koma akutchinjiriza ntchito ya mnzake! Anatsamiritsa tsache pakhoma.

"Ndinatsegula ndine, bwana."

Anthu onse anatembenuka.

"Ndipo m'mawa uliwonse ndine ndimatsegulira geti mlimi amene amabweretsa ndiwozi, zikadali ndi mame. Mabini anunso amatulutsa ndine. Kale ndinkawakoka ndikugwira mphuno, msana uli bakabaka, chifukwa cha zakudya zowola. Bwerani muone lero."

Anakatsegula chipinda chija. Mwini nyumba analowa, n'kuvundukula bini loyamba, lachiwiri, lachitatu. Munali mapepala, mabotolo ndi makoko a mazira. Ntchentche zomwe anthu ankadandaula nazo chaka chonse munalibe.

"Chiyambire amayiwa kudula matheka, anthu akumaliza chakudya chawo," anatero a Kapitawo. "Tsono akanakhala otola, akanatola chiyani?"

Namwino wa pansanjika yachitatu anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. Mayi Zenera anangoti, "Ine ndinangonena zimene ndinaona," mawu ali pansipansi.

Mwini nyumba anapukuta manja ndi kansalu, nkhope ili gwa.

"A Kapitawo, lamulo ndiye mwaphwanya. Lolemba tikaonane kuofesi, mukalandire kalata ya chenjezo."

"Ndamva, bwana."

Kenako anatembenukira kwa mayi uja. "Akazi anga ali paulendo, kunyumba ndili ndekhandekha. Kabichi alipo?"

"Alipo, bwana."

"Ndidulireni theka. Za anthu a juga zija iwalani."

Mayiyo sanalire, sanaombe m'manja. Analowa mugolosale, natsuka m'manja ndi sopo anthu onse akuona, n'kudula kabichi pakati penipeni. Theka limodzi anakulungira mwini nyumba. Linalo analidutsitsa pamwamba pa mzere umene unali utayamba kale kupangika pakhomo, n'kuliika m'manja mwa a Kapitawo.

"Ili si logulitsa," anatero. "Wotsatira!"