Mkaka wa Ng'ombe Yofiira

Zaka zinayi Talaso ali pabanja ndi Jatani, kumsana kwake sikunagonepo mwana. Apongozi ake, Mayi Darmi, anapeza okha mankhwala: m'mawa uliwonse chipanda cha mkaka wosawiritsa wa ng'ombe yawo yofiira, imene inkaswa chaka ndi chaka.

"Imwani, mwina mungatengereko nzeru kwa ng'ombeyi," ankatero.

Ng'ombeyo inali itaonda, nthiti zili pamtunda, ikutsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya. Koma ndani akanainyoza pamaso pa mwini wake?

Talaso atatopa, anakakamiza Jatani kuti apite naye kuchipatala ku Yabelo akamuthandize kutenga pakati. Atamuyeza, dokotala anati ali ndi chifuwa chachikulu, koma chabisala m'njira zopita kuchiberekero.

"Za mimba ziiwaleni kaye, mayi. Mumalize mankhwala miyezi isanu ndi umodzi, kenako tidzaunike ngati njirazo sizinatsekeke. Ndipo mkaka muziwiritsa."

Mayi Darmi atamva anaseka mpaka kutsokomola, atagwira m'nthiti.

"Chifuwa cha m'mimba? Ndiye kuti chiberekero chanucho chimatsokomola? Mkaka wowiritsa ndi mkaka wakufa. Pakhomo panga pano suona moto."

Talaso anasiya kumwa mkakawo. Basi, umenewo unakhala mwano. Mayi Darmi anayamba kufunira mwana wawo mkazi wina, n'kumanena poyera kuti wosaberekayu abwerere kwawo. Jatani ankangoyang'ana zala zakumapazi. Amuna ena ndevu anangozitola panjira.

Tsiku limene akwawo kwa mtsikana winayo anabwera kudzaona pakhomo, Mayi Darmi analamula kuti ng'ombe yofiira iphedwe, poti inali itasiya kutulutsa mkaka. Talaso anaima patali, mtsuko uli m'manja. Amuna atang'amba pachifuwa cha ng'ombeyo, onse anasendera kudzaona. Mapapo anali odzaza ndi zotupa, zina zikuchucha mafinya.

Bambo wa mtsikanayo, amene anakulira m'khola, anatokosa mapapowo ndi ndodo.

"Mayi, mkaka wa imeneyi ndi umene mumamwetsa akazi okwatiwa pano?"

Alendowo ananyamuka osalawa ngakhale khofi.

Talaso anameza mapiritsi ake mpaka lomaliza, ngakhale masiku amene ankamuchititsa nseru. Atamaliza, anabwerera ku Yabelo ndi Jatani. Akamuuza kuti njira zonse zatsekeka, adzabwerera kwa yani? Atamujambula, dokotala anakweza chithunzi cha m'mimba mwake pawindo.

"Yakumanzereyi yatsekeka, sindikunamizani. Yakumanjayi ndi yotseguka, ndipo matenda atha. Imodzi imakwana. Mukhoza kuyamba kuyesa, koma muzibwera tizikuonani."

Talaso anakhala pansi pomwepo pasimenti. Mpweya umene anatulutsa unali wa zaka zinayi.

"Ndinkadziwa ine," anatero Jatani.

"Inu khalani chete. Munkadziwa zala zanu zakumapazi."

Kunyumba anapeza utsi uli tolo. Mayi Darmi anali atagwada pamoto, mkaka wa ng'ombe ina ukusefukira m'makala poti chibadwire anali asanauwiritsepo.

"Musandiyang'ane choncho. Akuti chiyani anthu anu a zithunziwo?"

"Akuti njira ilipo, Mayi."

Mayi Darmi anapukuta m'maso, ati ndi utsi. Anathira mkaka m'kapu n'kumupatsa, kenako anatsokomola, kutsokomola kouma kuja kumene anayamba nako kalekale.

Talaso anauzira mkakawo, namwa pang'ono.

"Wapserera, koma ndimwa. Mawa muvale nsalu yabwino, Mayi. Tikakwera basi, akakuyezeni inunso."