Msana wa Nasrin Unayamba Kupindika

Diresi ya Idi inakana kumukhala Nasrin. Mayi ake, a Sauda, anaisoka okha pakhonde la sitolo ina ku Old Town, pomwe akhala akusoka kwa zaka zambiri. Koma mwanayo ataivala, kumanja inakwera, kumanzere ikukhudza pansi.

"Taima bwino iwe," anatero a Sauda.

"Ndaimatu bwino, amayi."

A Sauda anayezanso nsaluyo ndipo inali yofanana mbali zonse. Kenako anaika tepi pathupi la mwanayo. Phewa lakumanja linali lokwera, ndipo chiuno chinali cholowa mbali imodzi. Nasrin anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ali Sitandade 6. Anati sakumva kupweteka paliponse.

Bambo ake, a Sumaila, ndi kalipentala wa mabedi ndi mipando. Atamva nkhaniyi sanadandaule.

"Ndi chikwama cha mabuku chija, mayi a Nasrin. Amachikoleka phewa limodzi."

Anamugulira chikwama cha zingwe ziwiri. Panapita miyezi itatu, koma phewa lija linangopitirira kukwera. A Sumaila anapala thabwa losalala kuti mwanayo azigonapo popanda matiresi. Nasrin anagonapo milungu iwiri osadandaula, ngakhale ankadzuka thupi lonse likuwawa. Msana sunasinthe.

Kenako kunabwera a Mudathir, akulu awo a Sumaila. Iwo anati akudziwa bambo wina kumudzi amene amakoka mafupa ndi kutema mphini. Anagwirizana zopita Loweruka. A Sauda mtima sunawakhale pansi, koma njira ina sankaidziwa.

Lachinayi la mlungu womwewo kunabwera kasitomala wawo wakale, mayi Ursula a ku Area 3, kudzatenga siketi. Mayiwa amagwira ntchito ya mafizo, yothandiza odwala kulimbitsa thupi, kuchipatala chachikulu. Ali pomwepo Nasrin anafika kuchokera kusukulu, napereka moni. Mayi Ursula anamuyang'ana akuyenda, kenako anatsitsa mawu.

"Achemwali, mundikhululukire ngati ndikulowerera. Mapewa a mwanayu munawaona?"

A Sauda anasiya makina. Anafotokoza zonse, za chikwama, za thabwa, ndi za ulendo wa Loweruka.

Mayi Ursula anapempha kuti alowe naye kuseri kwa katani, komwe makasitomala amayesera zovala. Anamuuza Nasrin kuti agundanitse mapazi, awerame, manja awalendeweretse pansi. Atawerama, nthiti zakumanja zinatukuka kuposa zakumanzere.

"Mwaona apa?" anatero mayi Ursula. "Msana wake ukuoneka kuti wapindikira m'mbali. Kuchipatala timati sikoliyosisi. Nthawi zambiri imaonekera mwana akamakula mofulumira, makamaka atsikana."

"Ndiye ndalakwitsa pati ine?"

"Simunalakwitse paliponse. Si chikwama, si kagonedwe, si kulodzedwa. Kwa ana ambiri ngakhale madokotala sadziwa chimene chayambitsa. Chimene tikudziwa n'chakuti thandizo lilipo, ndipo limagwira bwino mwana asanamalize kukula."

"Bambo ake ndiye savomera. Amaopa chipatala."

Mayi Ursula anayang'ana wotchi yawo. Anaika siketi ija m'chikwama nati, "Tiyeni mundiperekeze komwe amagwirira ntchito."

Anawapeza a Sumaila akukhoma bedi. Mayi Ursula anawafotokozera zimene anaona, ndipo a Sumaila anamvetsera mwaulemu, koma nkhope ili yolimba.

"Amayi, ndikuuzeni zoona," anatero pomaliza. "Ndimamva kuti munthu akamung'amba msana sayendanso. Mwana wanga akuyenda bwinobwino. Ndikamupereke ndekha kumpeni?"

"Mantha anuwo ndi a kholo, abambo, sindingawanyoze. Koma ana ambiri a vutoli safika pa opaleshoni. Palibenso amene angamugwire mwana wanu inu musanavomere. Ndikungopempha kuti akamujambule, muone ndi maso anu. Zomukoka mafupa musanadziwe chimene chili m'katimo zingathe kumuvulaza."

A Sumaila anaika hamala pansi. Kenako anafunsa, "Tiyambire kuti?"

Ulendo wa Loweruka uja anausiya. Lolemba anayamba kuchipatala chaching'ono cha m'dera lawo, komwe anawapatsa kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu. Kumeneko Nasrin anamujambula ekisire ataimirira. Dokotala wa mafupa, bambo Levison, anaika chithunzicho powala. Msana unaoneka utakhota ngati chikwakwa. Dokotalayo anajambula mizere iwiri n'kuyeza.

"Kupindikaku timakuyeza ndi madigiri," anatero. "Kukakhala kochepa, timangomuona mwana miyezi ingapo iliyonse, osachita china. Ambiri amathera pomwepo. Kukakhala kwapakati, mwana akukulabe, timamuveka chogwirira msana. Ndi chovala cholimba chapulasitiki chimene chimaletsa msana kupindika mopitirira. Kukakula kwambiri, kufika cha m'ma 45 kapena 50, m'pamene timakambirana za opaleshoni."

"Nanga wathuyu?" anafunsa a Sauda.

"Ali pa 30. Akufunika chogwirira, pamodzi ndi mafizo olimbitsa thupi. Mwabwera nthawi yabwino."

Kenako Nasrin anafunsa yekha. "Adokotala, ndikavala msana wanga uwongoka?"

"Sindikunamiza, mwanawe. Suwongokeratu. Ntchito ya chogwirira ndi kuugwira kuti usaipireipire mpaka utamaliza kukula. Koma chimafuna maola osachepera khumi ndi asanu ndi atatu pa tsiku, mwina kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo. Ntchito yaikulu ikhala yako, osati yanga."

Potuluka anakumana ndi mtsikana wina wamkulupo amene anabwera kudzaonedwa patatha chaka chimuchitireni opaleshoni. Mayi ake anawauza kuti iwo anachedwa kubwera, msana utapindika kwambiri. Mtsikanayo ankayenda yekha, atanyamula mabuku ake. A Sumaila anamuyang'ana mpaka anakhota pakona.

Chogwirira chija anachipanga pomuyeza thupi ndi chikhakha, kumalo komwe amapangira miyendo yoikirira. Chinayambira m'khwapa kulekeza m'chiuno, ndipo kumbuyo chinali ndi malamba atatu. Anachilandira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Thukuta linkamuyenderera m'kati, ndipo khungu linatuluka tizilonda. Kusukulu sankatha kuwerama bwino potola cholembera. Anyamata ena anayamba kumutcha kamba.

Tsiku lina a Sauda ankafuna kansalu m'thumba la zidutswa pansi pa makina. Dzanja linagunda chinthu cholimba. Chinali chogwirira chija. Nasrin ankadzera pamenepo m'mawa, n'kuchivula kuseri kwa katani, n'kudzachivalanso poweruka, mayi ake osadziwa.

A Sauda sanakalipe. Mwanayo atafika anamukhazika pambali pawo.

"Wayamba liti?"

"Mlungu watha, amayi." Misozi inayamba kutsika. "Chimandiwotcha. Ndipo amandiseka."

"Ukanandiuza. Za kutenthazo ndi ntchito yanga."

Tsiku lomwelo a Sauda anaika pambali zovala za makasitomala. Anasoka timalaya tinayi tam'kati ta nsalu yofewa ya thonje, misoko anaitembenuzira kunja kuti isamukande. Anakulitsanso yunifolomu kuti chogwirira chisamaonekere kwambiri. M'mawa mwake anapita naye kwa mayi Ursula, amene anamutengera kwa opanga chogwirira kuti apale pamene pankamukhula. Mayi Ursula anamuonetsanso kasamalidwe ka khungu ndi mafizo oti azichita m'mawa uliwonse.

"Za tizilondazi takonza," anatero mayi Ursula. "Zikadzayambanso, usadzabise, udzabwere. Koma za anzakowo, mankhwala ake ndilibe. Iwe ukuganiza bwanji?"

Nasrin anaganiza pang'ono. "Amaseka chifukwa sakudziwa kuti n'chiyani. Ndikawauza ndekha."

Lachisanu anapempha aphunzitsi ake mphindi zisanu. Anaima kutsogolo kwa kalasi ya ana oposa makumi asanu ndi atatu. Anagogoda pamimba pake, ndipo chogwirira chinalira kuti go, go. Ena anaseka. Iye anadikira mpaka anasiya.

"Ichi ndi chogwirira msana," anatero. "Msana wanga unayamba kupindika. Sindinagwe, sindinalodzedwe, ndipo simungatengere pokhala nane pafupi. Ndikachivala, msana supitirira kupindika. Chimatentha, koma ndichivalabe. Amene ali ndi funso afunse panopa."

Mafunso anabwera ambiri. Umagona nacho? Inde. Umasamba nacho? Ayi. Ungasewere netibolo? Inde, adokotala anati pa masewera ndizichivula. Dzina la kamba silinathe tsiku lomwelo, koma linazilala. Mnzake wina, Leticia, atafika kwawo anaweramitsa mng'ono wake Lisa monga Nasrin anawaonetsera, ndipo anaona mbali imodzi yotukuka. Makolo awo anapita naye kuchipatala. Kupindika kwake kunali kochepa, ndipo anangouzidwa kuti azibwera kudzaonedwa.

Kuyambira pamenepo Nasrin sanabisenso chogwirira. Ankachivala kusukulu, kumadirasa ndi pogona. A Sumaila ndi amene ankamumanga malamba m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, ndipo tsiku lopita kuchipatala ankatseka shedi yawo. Nasrin atatalika, akuchipatala anamupangira chogwirira china chachikulupo. Panali masiku otopa, makamaka nyengo yotentha, koma sanadumphe tsiku la kuchipatala ngakhale limodzi.

Patatha zaka ziwiri ndi theka, Nasrin ali Fomu 1, bambo Levison anaika zithunzi ziwiri pamodzi, chakale ndi chatsopano. Anayeza kawiri.

"Mafupa ako amaliza kukula," anatero. "Unabwera uli pa 30. Lero uli pa 29. Opaleshoni sikufunika. Uyamba kuchivula pang'onopang'ono, ndipo miyezi ikubwerayi uchisiyiratu. Uzingobwera nthawi ndi nthawi tidzakuone."

"Alhamdulillah," anatero a Sumaila motsitsa. Anatembenukira kwa mwana wawo. "Ine sindikanatha zimene wachitazi, mwanangu."

Mayi Ursula anali atabwera kudzamva zotsatira. A Sauda anawagwira dzanja kuti awathokoze, koma iwo anapukusa mutu.

"Ine ndinangolankhula tsiku limodzi, achemwali. Amene wavala chinthuchi usana ndi usiku ndi uyu."

Kenako anamufunsa Nasrin ngati angalole kumabwera nthawi ya tchuthi kudzacheza ndi ana amene angolandira kumene chogwirira, chifukwa ambiri amachitaya mwezi woyamba. Nasrin anavomera. Woyamba kucheza naye anali kamtsikana ka zaka khumi ndi chimodzi, kamene kanakhala pabenchi katakumbatira chogwirira chake, kakukana kuchivala. Nasrin anakhala pambali pake.

"Mwezi woyamba ndi woipa, sindikubisira," anatero. "Inenso ndinachibisapo. Bwera ndikuonetse mmene ungamangire kuti chisakupweteke."

Kamtsikanako kanamuyang'ana kwa kanthawi, kenako kanaimirira n'kukweza manja.

Makolo, tiziyang'ana misana ya ana athu, makamaka kuyambira zaka khumi mpaka atamaliza kukula. Mukaona phewa limodzi lokwera, chiuno cholowa mbali imodzi, kapena nthiti zotukuka mbali imodzi mwana akawerama, pitani naye kuchipatala ngakhale asakumva kupweteka. Musamukoke mafupa kapena kumutema mphini. Ana ena amangofunika kuonedwa pafupipafupi, ena chogwirira msana ndi mafizo, ndipo ochepa okha ndi amene amafunika opaleshoni. Dokotala ndi amene angakuuzeni njira yoyenera mwana wanu. Mukapita msanga, mwanayo amakhala ndi mwayi waukulu wothandizidwa ndi njira yopepuka.