Adiresi ya Pachitseko cha Achemwali

Maloto a lero andisowetsa mtendere. Ine ndimagwira ntchito yolumikiza makompyuta, ndipo sabata yonseyi takhala tikusamutsira ofesi yathu ku maadiresi atsopano a intaneti, ataliatali aja a zigawo zisanu ndi zitatu.

Ndinalota ndili ku Chilomoni, ndikufunafuna nyumba ya achemwali anga, amene sindinapite kukawazonda chiyambire kudwala kwawo. Chitseko chilichonse chinali ndi adiresi yoteroyo, yolembedwa ndi makala, manambala osakanikirana ndi zilembo. Paliponse pankanunkha waya wopserera. Nditaipeza nyumbayo, ndinaona kuti adiresi yake ikuyamba ndi fe80. Ife a ntchito ya makompyuta timadziwa kuti adiresi yoyamba choncho imalankhulana ndi za m'nyumba momwemo basi. Uthenga wake sudutsa pakhomo.

Achemwali ndinawaona pawindo, milomo ikuyenda, akunditchula dzina, koma mawu osamveka. Ndinagogoda mpaka zala zinachita dzanzi. Kenaka mayi wina wosenza mtolo wa mawaya ngati nkhuni anaima kumbuyo kwanga nati, "Achimwene, musadzivute. Amene angawamve ndi okhawo ali nawo m'katimo."

Ndinasuzumiranso kuti ndione amene ali nawo. Pamphasa panali malemu amayi athu, akuwapindira zovala.

Ndadzuka thukuta lili kamukamu. Mwina ndi kutopa chabe ndi ntchitoyi, kaya. Koma achemwali ndawaimbira kanayi tsopano, ndipo foni ikungoitana.