Zimene Sanawauze pa Foni

Anamwino ndi amuna awo ponyamuka ulendo wa kunja anauza aliyense kuti akukakhala miyezi itatu yokha. Anali atapuma ntchito kalekale, koma anthu a mumsewu wawo sanasiye kuwatchula Anamwino, poti ana ambiri a m'deralo anabadwira m'manja mwawo. Amuna awo anali Adalaivala, amene anayendetsa mabasi mpaka imvi zitati mbuu m'mutu. Ankapita kwa mwana wawo wachisamba, yemwe mkazi wake anali woyembekezera. Nyumba anasiyira mwana wawo wamkazi, amene aliyense ankangomuti Chitsiriza, kuti azikhalamo ndi mwamuna wake.

Miyezi itatu ija inatamuka ngati mphira. Khanda linabadwa masiku asanakwane, ndiye panafunika munthu wodziwa. Litayamba kulemera, mpongozi wawo anabwerera ku ntchito. Kenako mdzukulu anayamba kumera mano, kenako kukwawa, ndipo nthawi iliyonse nkhani yobwerera ikatuluka Anamwino ankati, "Tingoona kaye aimirire." Ataimirira anati aone kaye ayende. Chaka chinatha, china n'kufika pakati.

Anamwino moyo wa kumeneko unawayanja. Ankadzuka ndi mdzukulu, kumusambitsa, kumuyendetsa pa kangolo kake m'misewu yosesedwa bwino. Adalaivala ndi amene ankafota. Nyumbayo inali m'mwamba mwa chinyumba chosanja, ndipo iwo ankakhala pawindo kumaweruza madalaivala a mabasi odutsa pansi.

"Taonani uyo, akukhota ngati wanyamula mazira. Ndi mmene amaphunzitsirana kuno?"

Lamlungu lililonse ankaimbira Chitsiriza pa vidiyo. Anamwino ankangopereka moni, n'kuika nkhope ya mdzukulu pa foni. "Apatse moni azakhali! Taseka, azakhali akuone mano!" Chitsiriza ankaseka, kufunsa za kuzizira, n'kunena kuti kunyumba zonse zili bwino, kupatula mpope wa kubafa umene unkadontha.

Tsiku lobwerera, Chitsiriza ndi mwamuna wake anakawachingamira ku bwalo la ndege. Anamwino atamukumbatira anamva mafupa a kumsana.

"Iwe, amakumana chakudya apongozi angawa? Wangotsala khosi lokha."

"Ndi ntchito, amayi."

Kunyumba anapeza zinthu zasuntha. Makapu anali kumene kunkakhala mbale, tebulo la pabalaza linali litayang'ana kwina, ndipo maluwa a pakhonde anali atauma m'miphika mwake. Anamwino anayendera chipinda chilichonse akung'ung'udza, "Munthu ungosiya nyumba pang'ono." Atamwa tiyi anatsegula masutikesi. Mkamwini analandira jekete ndi nsapato. Chitsiriza analandira mafuta odzola ndi chikwama. Pomaliza Anamwino anatulutsa chijumbo chachikulu n'kuchikhuthulira pamiyendo pa mwana wawoyo: timalaya ta khanda, tizipewa, timasokosi tokwana chala cha munthu.

"Izi zamuthina mdzukulu wanga. Ndati ndisataye, zikadali zatsopano. Nanga inu mukudikira chiyani? Mukufuna ndidzanyamule mwana wanu ndikuyendera ndodo?"

Mkamwini anati akaone ngati anakhoma galimoto, n'kutuluka. Adalaivala anatsokomola, namutsatira. Chitsiriza anapinda tizovalato kamodzikamodzi, bwinobwino, n'kutibwezera m'jumbo.

"Zikomo, amayi. N'zokongola."

Mawa lake iye ndi mwamuna wake anabwerera ku kanyumba kawo ka lendi tsidya lina la tauni.

Masabata oyambawo anali a alendo. Anthu ankabwera kudzaona ngati a kunja asintha khungu, ndipo Anamwino ankawayendetsera foni ya zithunzi. Chiganizo chilichonse chinkayamba ndi "kumene tinaliko", mpaka mng'ono wawo anawafunsa ngati kumeneko anthu amayetsemulanso mosiyana. Adalaivala anatsitsimuka ngati masamba othiridwa madzi. Anapeza batire la galimoto yawo litafa, ndipo anasangalala nalo vutolo kuposa mphatso iliyonse, tsiku lonse ali chowerama m'boneti, manja ali bii.

Madiresi onse a Anamwino anali atawathina. Tsiku lina m'mawa anatenga atatu n'kupita nawo kwa aneba awo a kuseri kwa mpanda, mayi wamasiye wosoka zovala, amene onse ankawatchula Atelala. Anawapeza pakhonde akupalasa makina, mapini ali kukamwa. Anachezerana, kuseka za kunenepa, Atelala n'kuyamba kuwayeza m'chiuno ndi tepi.

"Koma mwachita bwino kubwera, aneba," anatero Atelala. "Mwana uja amafunika mayi ake. Ine ndinayesetsa, koma mayi ndi mayi. Panopa bola, wayamba kudya."

"Anadwala kodi?"

Tepi inaima. Atelala analavulira mapini m'dzanja n'kuwayang'ana Anamwino kumaso.

"Simukudziwa?"

"Ndidziwe chiyani?"

Atelala anakoka mpando. "Khalani pansi. Ine ndimayesa anakuuzani. Mayo ine, pakamwa panga!"

Anafotokoza mawu ali pansipansi. Chitsiriza anali ndi pakati, pa miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku lina m'mawa, mwamuna wake atapita ku ntchito, anaitana pampanda ndi mawu amene Atelala anati sadzawaiwala. Anamupeza atagwada pakhomo la kukhitchini. Anaimitsa takisi, n'kumugoneka pamiyendo pawo njira yonse. Kuchipatala anamulowetsa mu wodi yomwe Anamwino anagwiramo ntchito zaka zonse zija, ndipo manesi akale atamuzindikira ankafunsa kuti, "Amayi ako ali kuti?" Mwana anali wamkazi. Sanalire n'komwe. Atatuluka m'chipatala, Chitsiriza anakhala mwezi wathunthu osatuluka m'chipinda, Atelala n'kumamusambitsa ndi kumukakamiza kumeza kanthu.

"Zinachitika liti?"

"Chaka chathachi, mvula itangoyamba."

Anamwino anawerenga miyezi chamumtima. Inali nthawi imene mdzukulu ankamera mano. Ndipo pomwepo anakumbukira tsiku lina pakati pa sabata pamene Chitsiriza anaimba, chinthu chimene sankachita, osayatsa vidiyo. Anati, "Amayi, muli ndi kanthawi?" Mdzukulu anali akulira, mkaka ukusefukira pa chitofu. Iwo anayankha kuti, "Ndikuimbira, mwanangu." Anadzaimba Lamlungu, mdzukulu ali pamiyendo.

Madiresi anawasiya pampando pomwepo. Adalaivala anali pabwalo akutsuka mapulagi m'kachitini ka petulo. Ataona nkhope ya akazi awo anaika kachitini pansi.

"Bambo, mwana wathu anapita padera ife tili kunja."

Adalaivala anapukuta manja pa kansanza nthawi yaitali, chala chimodzichimodzi.

"Ndikudziwa."

"Mwati chiyani?"

"Mwamuna wake anandiimbira tsiku lomwelo. Kenako Chitsiriza mwiniwake anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Anati muli ndi khanda m'manja, ndiponso BP yanu ija."

"Ndiye inu n'kukhala chete? Kumadya nane, kumagona nane chipinda chimodzi, muli chete?"

"Ndinakuuzani kuti tiyeni tizipita kwathu. Kangapo konse. Munati ndasowa anzanga a kudepoti, ndipite ndekha ngati ndatopa ndi mdzukulu."

"Mukanandiuza chifukwa chake!"

"Ndikanakuuzani, eya." Anayang'ana pansi. "Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa. Pawindo paja mumayesa ndimaona mabasi okhaokha?"

Anamwino anawasiya pomwepo. Anakumbukira chijumbo chija, ndi mmene amuna awiri aja anatulukira motsatizana. Analowa m'nyumba n'kukakhala pabedi, nsapato zili kuphazi. Kwa masiku angapo iwo ndi amuna awo ankangolankhulana za mchere ndi makiyi.

Loweruka masana anakwera basi okha kupita kwa Chitsiriza. Anamupeza akusita malaya a mwamuna wake, wailesi ikulira pansipansi. Chitsiriza atangowaona pakhomo, opanda foni m'manja, opanda nkhani ya kunja pakamwa, anazimitsa wailesi.

"Atelala akuuzani."

"Bwanji sunandiuze wekha, mwanangu?"

Chitsiriza anaimika simbi. "Poyamba ndinkafuna mudzangoona nokha pobwera. Munkati mukubwera mwezi wamawa, ndiye ndinkati ndidzakuchingamirani ndi chimimba, mudzakomoke pabwalo la ndege. Mwezi wamawawo sunkafika. Kenako zitachitika…" Anakweza mapewa. "Ndikananena bwanji? Mukundionetsa mano a mwana, ine ndiziti wanga wamwalira?"

"Ndikanakwera ndege tsiku lomwelo."

"Mwina. Koma achimwene akanatani ndi khanda? Ndinaona kuti kuli bwino mmodzi wa ife akhale ndi mayi wathunthu, kusiyana n'kuti tonse tikhale ndi theka."

Mawuwo anawalasa Anamwino. Posowa pogwira, anagwira chimene ankachidziwa. Anayamba kufunsa ngati magazi anatuluka ambiri, ngati anamuyeza BP miyezi yonse ija, mankhwala amene anamupatsa, dokotala amene anamuona. Mafunso ankangotuluka okha, mwadongosolo, ngati ali mu yunifolomu.

"Amayi," anawadula Chitsiriza, osakweza mawu. "Manesi ndinawaona ambiri. Anandisamala bwino."

Panja ana a eni nyumba ankamenya mpira kukhoma. Patapita nthawi Anamwino anafunsa funso lina.

"Unamuona?"

"Anandipatsa ndimunyamule." Chitsiriza anayang'ana manja ake. "Anali ndi tsitsi kale. Zala zazitali ngati za adadi."

Apo Anamwino analira, kulira kwenikweni kotulutsa mawu, ndipo anali Chitsiriza amene anawatengera madzi n'kumawasisita pamsana. Zimenezi zinawapweteka koposa: anabwera kudzatonthoza, n'kukhala iwo otonthozedwa. Anapepesa za tizovala tija. Chitsiriza anati palibe kanthu, simunkadziwa, anatipereka kwa mnzake wa ku ntchito. Anawaperekeza pokwerera basi, n'kuwauza kuti apereke moni kwa adadi.

Moyo wa pakhomo unabwerera m'malo mwake pang'onopang'ono. Makapu anawasiya kumene Chitsiriza anawaika. Mawu akuti "kumene tinaliko" anazimirira pakamwa pawo. Iwo ndi Adalaivala anayambanso kulankhulana, ngakhale nkhani ija ankaizungulira ngati dzenje la pamsewu. Mwana wawo wachisamba ataimba kuti mkazi wake ndi woyembekezeranso, ndipo matikiti awatumizira, Anamwino anamuyamikira, n'kumuuza kuti ulendo uno apeze munthu komweko. Anadandaula, koma iwo sanasinthe.

Kukanako sikunabweze chilichonse. Chitsiriza ankabwera Lamlungu masana, waulemu monga kale, koma asanagogode kwa makolo ake ankayamba walowa kuseri kwa mpanda. Anamwino ali kukhitchini ankamva makina a Atelala ataima, kenako mawu apansipansi, nthawi zina kuseka kumene iwo anali asanakumve chibwerere. Akafika kwawo nkhani zinali zitatha kale, kwatsala za ntchito ndi za mitengo ya zinthu. Anamwino ankawachitira nsanje Atelala, n'kumadzichitiranso manyazi chifukwa cha nsanjeyo, poti popanda mayi ameneyo mwina akanataya awiri.

Miyezi itapitapo, Chitsiriza anaimba foni m'mawa wina.

"Amayi, Lachinayi ndikupita kuchipatala, dokotala akufuna andionenso. Atelala ali ndi madiresi a ukwati oti amalize. Mungandiperekeze?"

Anamwino anamva bwinobwino kuti anali achiwiri kufunsidwa. Anati adzabwera. Adalaivala anawatengera pa galimoto yawo, yomwe tsopano inkalira bwino, n'kutsala panja. M'khonde la chipatala manesi awiri akale anawathamangira, kuwafunsa za kunja, n'kuwauza kuti alowe nawo kwa dokotala, iwo ndi eni ake pano. Anamwino anayang'ana mwana wawo.

"Ndilowa ndekha, amayi. Mungondigwirira chikwamachi."

Anakhala pabenchi pakati pa amayi ena odikira, chikwama chili pamiyendo. Benchilo analidutsa zaka zambiri akuthamanga, osadziwa kuti ndi lolimba chotero. Mayi wa pambali pawo anawafunsa ngati nawonso abwera ndi mwana.

"Eya," anatero Anamwino. "Wanga wamkazi. Ali mkatimu."