Chombo Chotchedwa Wati

Hulita anamva mawuwo ali kuseri kwa mulu wa kokonati, pamsika wa Suva. Ilaitia, mnyamata amene ankamusungira duwa lonunkhira Loweruka lililonse, ankanong'oneza azakhali ake. Chifiji chinali chisanamulowe Hulita, choncho khutu lake linangotola "vaka" ndi "wati". Azakhaliwo anacheuka uku ndi uku, n'kugwira pakamwa.

Kwawo kwa Hulita ku Tonga, vaka ndi chombo. Basi, Ilaitia akukwera chombo chotchedwa Wati, azipita osatsanzika!

M'mawa mwake, atatuluka m'tchalitchi, Hulita anamukokera kudoko Sinalei, mnzake wa ku Samoa wa kusukulu ya unamwino. Anayenda akuwerenga maina a zombo mpaka thukuta kamukamu.

"Kodi iwe, tikufunafuna chiyani?" anafunsa Sinalei.

"Vaka Wati. Ilaitia akuchoka nacho."

Sinalei anaseka mpaka kukhala pansi pa chingwe cha eni ake.

"Mayo ine, nsapato zanga! Si chombo chimenecho, wogona iwe. Ndi liwu limodzi, vakawati. Vaka ameneyo ndi kachidutswa ka kutsogolo, faka wanu yemwe uja. Ife timati fa'a. Suja mumati fakatonga, zochita mwa Chitonga? Ife fa'asamoa, a kuno ku Fiji vakaviti. Ukakamata pa liwu lina, ndiye kuti chinthucho wachichititsa, kapena uli nacho."

Hulita anakatchula chamumtima: faka, fa'a, vaka. Kanthu kakang'ono chonchi, kuwoloka nyanja yonseyi, pachilumba chilichonse kungosintha chovala! Zinali ngati ankakumana ndi mbale wake tsiku ndi tsiku osamupatsa moni.

"Nanga wati?"

"Wapabanja. Mnyamata wakoyo akukwatira, mwali."

Kumwetulira kwa Hulita kunathera panjira. Akukwatira yani?

Lolemba Hulita anafika pamsika osavala duwa m'tsitsi.

"Ndamva ukufuna vakawati," anatero.

Kokonati amene Ilaitia anali atanyamula anagwa, n'kugubuduzika mpaka pa mapazi a ogula.

"Wakuuza ndani?"

"Ndafunsa ine. Mtsikanayo ndani?"

Ilaitia anayang'ana pansi, anayang'ana denga, kenako azakhali ake. Iwo anangopinda manja.

"Usandiyang'ane ine, wamantha iwe. Pakamwa uli napo."

Ilaitia anatembenukira kwa Hulita.

"Hulita, kodi bambo ako... munthu akabwera ndi kava, chakumwa cha mwambo chija, kudzapempha mwana wawo, amakalipa kwambiri?"

"Kwambiri," anayankha Hulita. "Ubwere ndi wambiri."