Vaneti ya Malemu Lemmy

Boti linkakhala kuseri kwa nyumba ya Enos Mvula ku komboni ya Kanyama, pa ngolo yake ya matayala awiri, pakati pa chimbudzi ndi mtengo wa mapapaya. Linali lachitsulo, lobiriwira, lalitali kuposa chipinda chimene mwini wake ankagonamo. Enos analigula pamodzi ndi mnzake Lemmy Sakala kwa mzungu wina wa pa famu ku Makeni amene ankagulitsa katundu wake pochoka m'dzikomo. Nthawi imeneyo fakitale ya mabulangete imene awiriwa ankagwirako ntchito inali itayamba kuchotsa anthu, ndipo Lemmy, amene anali dalaivala wa lole ya pafakitalepo, ndiye anabweretsa nzeruyo.

"Ba Enos, tauni yasila iyi," anatero. "Unga pa mzere, sopo pa mzere, mafuta ophikira sitiaonanso. Tiyeni ku Kafue tikagwire nsomba."

Anagawana ntchito. Enos ankamata mabowo a botilo ndi kulipaka utoto. Lemmy anapeza vaneti yoyera yakale, galimoto yonyamula katundu kumbuyo, nayamba kuidzutsa pang'onopang'ono ndi zitsulo zotola ku msika. Kumbuyo kwake anawotchererako yekha chokokera ngolo. Madzulo ankakhala awiriwiri pamphepete pa botilo akumwa tiyi wopanda shuga, akukangana za mtundu wa maukonde oti agule. Mkazi wa Enos anali atamwalira kalekale, mwana wake mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Kitwe, choncho macheza a tsiku lonse a Enos anali omwewo.

Mvula ya chaka chimene fakitale inatsekedwa inadzaza Kanyama. Zimbudzi zinasefukira, madzi analowa m'nyumba, kolera inabwera. Lemmy anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, pofika mawa lake anali atapita. Anaikidwa mofulumira, mtembo sunalowe n'komwe m'nyumba. Maliro atangotha, mng'ono wa Lemmy, Webster, anabwera kuchokera ku Matero ndi achibale ena, nanyamula mipando, bedi, wailesi, mapoto ndi vaneti yomwe. Mkazi wa malemuyo, Sophia, anatsala ndi mphasa ndi mwana wake wamkazi Christine. Botilo analisiya chifukwa linali pabwalo la Enos, komanso palibe mwa iwo amene ankadziwa chochita nalo.

Enos anakhala miyezi osalikhudza. Nkhuku za aneba zinayamba kuikira mazira m'kati mwake. Koma ndalama zimene fakitale inamupatsa pomuchotsa zinkatha mphamvu zili m'thumba, pakuti mitengo ya zinthu inkakwera sabata iliyonse. Anaona kuti akadikiranso, sadzagula ngakhale njinga. Dzinja litatha, matope atauma, anayamba kufunafuna vaneti.

Za magalimoto sankazidziwa bwino. Laisensi anali nayo, koma anayendetsa galimoto komaliza ali mnyamata. Chimene anali nacho ndi zimene Lemmy ankalankhula akakhala pansi pa vaneti yake, miyendo yokha ikuoneka. Lemmy ankati galimoto yokoka katundu saiona kumaso, amaiona kumimba ndi kumsana.

Yoyamba anakaiona ku komboni ya George. Inali yofiira, yonyezimira, mwini wake ataiimika pamthunzi n'kuithira madzi kuti iwale. Enos anayala thumba la unga pansi, nagona chagada n'kulowa kunsi kwake. Zitsulo ziwiri zazitali zimene zimanyamula thupi lonse la galimoto zinali zitadyedwa ndi dzimbiri, ndipo wina anaphimbapo ndi phula. Atakanikiza ndi chala, panaboka.

"Mufuna chani pansi apo, mudala?" anafunsa mwini wakeyo. "Motoka ili kumwamba kuno."

Enos anatuluka, nasansa thumba lake, nathokoza n'kumapita. Ali m'minibasi anatembenuka kuti auze wina zimene anaonazo, koma pambali pake panali mayi wachilendo atanyamula beseni la tomato.

Yachiwiri inali ku Mtendere, kwa munthu wina wopanga njerwa za simenti dzina lake Dixon. Inali yaing'ono, yabuluu, yosamalidwa bwino. Kunsi kwake kunalibe dzimbiri, injini inkalira bwino. Enos anaikonda. Anaganiza zoti angoitenga nkhani ithe, poti kuyenda m'makomboni tsiku ndi tsiku kunali kutamutopetsa. Koma atatchula za boti, Dixon anakanda mutu.

"Boti yachisulo? Na ngolo yake? Tiyeni tiyese, ba tate, musakanitukane kumbuyo."

Anapakira njerwa mpaka vanetiyo inakhala pansi kumbuyo, nalowera kumene kunali kachitunda. Pakati pa chitundacho injini inayamba kubuula, galimoto ikuyenda ngati munthu wodwala mwendo, ndipo m'kati munadzaza fungo la chinthu chopserera.

"Ni kilachi iyo," anatero Dixon. "Apa ni pang'ono chabe. Pa chitunda cha ku Chilanga muzabwerera kumbuyo na boti yanu. Funani ya dizilo, yolemera, ya mabuleki olimba. Iyi ni ya buledi na masamba."

Anabwerera, natsitsa njerwazo awiriwiri. Dixon anamupatsa madzi akumwa, namufunsa kuti ku Kafueko akupita ndi ndani. Enos anati akupita yekha.

Anaonanso zina. Ya ku Chawama inkatulutsa utsi wabuluu wodzaza msewu. Ya ku Kalingalinga inalibe giya yobwerera kumbuyo, ndipo mwini wake ankati si vuto, ana a m'komboni amakankha. Ina inali yabwino ndithu koma mapepala ake anali ndi dzina la munthu amene wogulitsayo sankafuna kumutchula. Enos ankabwerera kunyumba dzuwa litapendeka, nsapato zili fumbi lokhalokha, n'kukhala pamphepete pa boti. Ankadziwa kumene kunali vaneti ya dizilo, yolemera, ya mabuleki olimba, yokhala ndi chokokera kale. Koma anali atalumbira mumtima kuti phazi lake silidzaponda pakhomo pa Webster.

Tsiku lina m'mawa Sophia anabwera, nakhala pa njerwa pafupi ndi khomo. Anali ataonda kwambiri. Ankagulitsa zitumbuwa pamsewu, koma ufa unali utakwera moti phindu panalibe.

"Nabwera kulayira, ba Enos. Tiyenda ku Petauke kwa amayi. Nyumba yanikanga."

Enos anangogwedeza mutu. Anafuna kunena kuti asapite, koma analibe choti awapatse kuti akhale.

"Namvera kuti musakila motoka," anapitiriza Sophia. "Ba Webster yawakanga kugulisa ija. Manje afuna kuiphwanya, agulise chimozi-chimozi. Akuti vinsimbi vili na ndalama kuchila motoka yonse."

"Siningapase ndalama munthu amene anakutengerani bedi, amake Christine."

"Bedi siizabwera. Ndalama azaipeza ngakhale imwe mukane." Sophia anakonza chitenje chake pamaondo. "Ine chamene sinifuna ni kumvera kuti injini ili ku Chawama, vitseko vili ku Kabwe. Ba Lemmy manja anasila na motoka ija. Igulani imwe."

Atatero anaimirira n'kumapita, osadikira yankho.

Mawa lake Enos anakwera minibasi ya ku Matero. Anapeza vanetiyo ili pabwalo, tayala limodzi litaphwa, magalasi a m'mbali atachotsedwa kale. Webster anatuluka akumwetulira, atavala jekete imene Enos anaizindikira kuti inali ya Lemmy.

"Ah, ba Enos! Mwatitaya. Imwe ndimwe ba m'nyumba, sitizavutana."

Enos analunjika pa vanetiyo. Anayala thumba lake, nalowa kunsi ngati mmene anachitira ndi zina zonse. Zitsulo zinali zolimba. Pamene chokokera chinalumikizidwa ndi thupi la galimoto panali mizere ya moto wowotcherera, yokhuthala, yokhotakhota, yosakongola koma yogwira. Iye ndiye anagwirizira chitsulocho ndi pulayala tsiku limene Lemmy ankawotcherera, atatembenuzira nkhope kumbali kuopa kuwala. Anakhala kunsiko nthawi yaitali kuposa mmene ntchito yoona inkafunira, mpaka Webster anawerama n'kufunsa ngati zonse zili bwino.

Anapopa tayala, naliza injini. Inalira ulendo woyamba womwewo. Enos anatsegula chitseko cha kumanzere mwachizolowezi, mwendo umodzi utalowa kale, kenako anakumbukira, nazungulira kupita ku chiwongolero. Mpando unali utalowa m'kati mbali imodzi, motengera thupi la munthu wina wonenepa kuposa iye. Anaukokera kutsogolo. Anayendetsa mozungulira bwalo la mpira, akulakwitsa magiya, Webster akulankhula za kukwera kwa mitengo njira yonse. Pa mtengo anakanganapo pang'ono, koma anamvana. Enos anauza Webster kuti abwezeretse magalasi aja, ndipo Webster analowa m'nyumba nawatulutsa pansi pa bedi.

Katundu woyamba amene vanetiyo inanyamula sanali boti. Anali mphasa, chidebe, thumba la zovala ndi mbaula ya Sophia, kupita kokwerera mabasi a kum'mawa. Sophia anakana kukhala kutsogolo. Anakwera kumbuyo ndi Christine, atagwira m'mphepete. Pa siteshoni Enos anakweza katunduyo pamwamba pa basi, nagwirana chanza ndi Sophia.

"Mukayende bwino ku mumana wa Kafue," anatero Sophia. "Musakagwemo. Simuziba kusambira imwe."

Basi itanyamuka, Enos anakhala m'vanetimo pang'ono, kenako anabwerera ku Kanyama.

Kutulutsa boti kuseri kwa nyumba kunafuna kuti agwetse mbali ina ya mpanda wa malata. Aneba anathandiza kukankha ngolo mpaka pamsewu, amayi ena akuseka kuti mudala wapenga, ena akumuuza kuti asadzaiwale kuwabweretsera nsomba. Nyumba anaisiyira banja lina lochokera ku komboni ya Chipata kuti lizikhalamo. Anapakira maukonde, nkhafi ziwiri, bulangete, poto ndi lona, nakoleka ngolo pa chokokera, namanganso ndi unyolo.

Ananyamuka m'mawa. M'misewu ya m'komboni yodzala maenje botilo linkagwedezeka ndi kulira ngati ng'oma, ana akulithamangira. Atafika pa tala anayenda pang'onopang'ono kumbali kwenikweni, malole akumuimbira mahutala. Pa chitunda cha ku Chilanga anaika giya yachiwiri. Vanetiyo inabangula, inanjenjemera, koma inakwera osaima. Enos anaseka mokweza, naomba chiwongolero ndi dzanja. Kuseka kwakeko kunamveka kwachilendo m'galimotomo, ndipo anasiya msanga.

Anafika pa mtsinje wa Kafue dzuwa lili pamutu. Padoko panali mabwato a mitengo ndi amayi ogula nsomba atakhala pansi pa maambulera. Tsopano panatsala kubweza ngolo cham'mbuyo kuti ilowe m'madzi, ntchito imene sanaichitepo. Akakhotetsa kumanja, ngolo inkapita kumanzere. Akakonza, inkapindika n'kutsala pang'ono kugunda vaneti. Anatsika kukaona, nakweranso, nalakwitsanso. Amayi aja anayamba kuseka.

Mmodzi wa iwo, wamkulu thupi, wa duku lachikasu, anaika beseni lake pansi nabwera pawindo.

"Mulibe munthu wokuonerani kumbuyo?"

"Nilibe."

"Langanani ine chabe. Nikakweza dzanja iyi, pindani uku. Pang'ono pang'ono."

Anaima kumene Enos ankamuona pagalasi, nayamba kukweza manja ndi kukuwa. Ngolo inatsetsereka mowongoka mpaka matayala ake anamira. Asodzi awiri anamasula zingwe n'kukankha boti, ndipo linayandama, likuzungulira pang'ono. Enos analimangirira pa chikhomo, nakaimika vaneti pansi pa mtengo.

Mayi uja anati dzina lake ndi Mainess, ndipo anamuuza kuti akaonane ndi wapampando wa padoko asanaponye ukonde, komanso kuti kumunsi kwa bango kuli mvuu yoipa mtima. Kenako anabwerera ku beseni lake, pakuti bwato lina linali litafika ndi nsomba ndipo anzake anali atalizungulira kale.

Enos anavula nsapato, nakwera m'boti. Pakona ina madzi ankalowa pang'onopang'ono, ndipo anawakapa ndi chitini. Anakhala pa thabwa la pakati, nagwira nkhafi zonse ziwiri. Poyamba boti linkangozungulira, chifukwa dzanja lake lamanja linkakoka kwambiri kuposa lamanzere. Anayesanso, akuchepetsa mphamvu, mpaka linayamba kulunjika. Phokoso la amayi a padoko linayamba kuchepa. Sanapite patali. Anaima pamene madzi anayamba kuda, naika nkhafi pamiyendo, nakhala pamenepo akumva madzi akugunda chitsulo kunsi kwa mapazi ake. Dzuwa litayamba kumuwotcha m'khosi, anatembenuza boti n'kubwerera kumtunda kukafunsa kumene wapampando uja amakhala.