Kompyuta Yokana Kudzuka

Nkhondo ya ku Mozambique itatha, othawa kwawo atayamba kumanga mitolo, bungwe lina ku Mangochi linali ndi kompyuta imodzi yokha yophunzitsira. Inali nkhalamba, yachikasu ngati mano a munthu wafodya, koma Conceição ankainyadira koopsa. Iye anathawa ku Lichinga komwe ankatayipa mu ofesi, ndipo tsopano ankaphunzitsa amayi anzake kuti akabwerera kwawo akapeze ntchito.

Tsiku lina kunabwera madisiki a pulogalamu yatsopano yoyendetsa kompyuta. Pa bokosi panalembedwa poyera kuti ndi ya makina amakono okha. Conceição anawerenga, n'kupinda mlomo. Anamva kuti maofesi a ku Lichinga ayamba kugwiritsa ntchito yatsopanoyi, ndiye aphunzitsirenji amayi zinthu zotha ntchito? Anaiika basi.

Atayatsa, nkhalamba ija inang'ung'udza, inalemba mizere ingapo, kenaka zii. Anazimitsa, nayatsanso. Zii.

A Jaffalie, mkulu wa bungwelo, anabwera manja ali kumbuyo. Sanali munthu wankhanza, koma mantha ndiye anali nawo odzaza thumba.

"Mayi, mwatipha," anatero. "Galimoto ikabwera ndiitumiza ku Blantyre akaione."

Aliyense pa ofesipo ankadziwa kuti chopita ku Blantyre chimakakalambira komweko. Amayi aja akanakwera malole obwerera kwawo maphunziro ali pakati.

"Bwana, ndipatseni lero lokha. Inu mundiwerengere Chingerezi chikulembedwa apachi, zala zikhale zanga."

A Jaffalie anapukusa mutu, komabe anakoka mpando. Conceição analowetsa disiki ya pulogalamu yakale ndipo makina anadzuka bwinobwino. Apa anapuma: ndiye kuti sanafe, angolemedwa. Anatsegula pamene pamalembedwa zonse zimene makina amanyamula podzuka, napeza mizere mbwee. Anakumbukira bwato limene anakwera ku Makanjira pothawa, mmene mwini wake ankatsitsira matumba limodzilimodzi mpaka bwato litayandama bwino. Nayenso anatero. Achotse mzere umodzi, azimitse, ayatse. Zii. Aubwezere, achotse wina.

Dzuwa la ku Mangochi silichita nthabwala. Thukuta linali kamukamu, a Jaffalie anapita kukaswali kumzikiti n'kubwerako, Conceição akadali pomwepo. Kenaka mkuluyo analoza sikilini.

"Taimani. Apa ikuti ikufunafuna malo aakulu osungira zinthu, ndipo sikuwapeza."

"Iwapeza kuti, poti inabadwa yopanda?" anatero Conceição, n'kuchotsa mzere umenewo.

Makina anang'ung'udza, analemba mizere yawo, sanaime. Pulogalamu yatsopano inatulukira pa sikilini, yoyenda mwaulesi koma yamoyo. A Jaffalie anaomba m'manja ngati mwana. "Alhamdulillah! Mayi inu ndinu katswiri!"

Conceição anamva kukoma mpaka m'mafupa, ndipo sanabise. Anatuluka pakhonde n'kuitana ophunzira ake mokweza kuti ngakhale ogulitsa usipa kumsewu amve.

Amayi atadzaza m'chipindamo, iye anachita chinthu chimene chinadzidzimutsa a Jaffalie. Anabwezera mzere woipa uja, nazimitsa, nayatsa. Zii.

"Mwapenga kodi?" anakuwa mkuluyo.

"Ayi bwana. Kumene akupita amayiwa kulibe ine, kulibe inu. Makina akakawafera, akalirira yani?"

Anaitana amayi Leticia, wamkulu pa onse, amene manja awo anazolowera khasu ndipo poyamba ankaopa ngakhale kukhudza batani. Anawafotokozera kamodzi kokha, n'kudzichotsa pa mpando. Anapinda manja ake mwamphamvu kuti asawathandize.

Amayi Leticia analowetsa disiki yakale chozondotsa, anzawo n'kuseka. Anaitembenuza. Anafufuza mzere uja ndi chala chimodzi, milomo ikuyenda, mpaka anaupeza. Anaufufuta, anazimitsa, anayatsa. Makina anayamba kung'ung'udza.

Sikilini itawala, nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Amayi Leticia okha sanaimbe nawo. Anangoyang'anitsitsa chala chawo chija, kenaka anatembenukira kwa Conceição.

"Mwanangu," anatero, "uiphenso. Mnzangayu nayenso aidzutse."